Kutsuka ndi kusamalira madiredi m'chigawo cha Tete

Chilichonse chimene chalowa mkati mwa diredi sichituluka msanga, kaya ndi thovu la sopo, mafuta, fumbi kapena madzi enieniwo, chifukwa tsitsilo ndi lolukanalukana ndipo chipeso sichidutsamo. Choncho ntchito yaikulu pa tsiku lotsuka ili pa kutsukuluza ndi kuumitsa, ndipo zimenezi ndi zomwe anthu ambiri amazichita mothamanga.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri akuti madiredi amagwirana bwino akakhala osatsuka, koma zimenezi si zoona, pakuti tsitsi loyera ndi lopanda mafuta ndi lomwe limalukana msanga. Kuno kwathu, nthawi yotsukira imadalira kumene munthu akukhala. Mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, komanso ku Moatize kumene fumbi la malasha limatera pa zovala ndi pamutu pomwe, ndi bwino kutsuka sabata iliyonse. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene thukuta silichuluka chotero, masabata awiri akhoza kudutsa popanda vuto.

Sankhani shampu yoonekera ngati madzi, yosasiya zonona m'tsitsi, ndipo musaithire mwachindunji pamutu, koma muisungunule kaye m'botolo la madzi ofunda. Sopo wamtanda wochapira zovala amaumitsa khungu, ndipo akakumana ndi madzi a m'mijigo ina, amene sachita thovu msanga, amasiya zoyerayera zimene zimakhazikika mkati mwa tsitsi. Ngati madzi a kwanu ndi otero, madzi a mvula osungidwa m'ndowa yoyera ndi yovindikira amathandiza kwambiri. Nyowetsani mutu wonse, thirani shampuyo pakhungu la m'mutu, ndipo tikitani ndi nsonga za zala m'mizere yapakati pa madiredi, osakanda ndi zikhadabo. Thovu likatsikira m'zingwezo, finyani diredi lililonse kuyambira kumizu mpaka kumapeto, kenako thirani madzi, finyaninso, ndi kubwereza. Musasiye pamene thovu laleka kuoneka pamwamba. Tengani diredi limodzi lalikulu la kunkhongo, mulifinyire m'kapu, ndipo ngati madziwo atuluka otuwa kapena oterera, pitirizani kutsukuluza. Pamenepa pamalowa madzi ambiri, motero amene amatunga kutali ayenera kukonzeratu zidebe asanayambe. Madiredi ongoyamba kumene amamasuka msanga, ndipo eni ake avale kaneti kopyapyala kumutu ndi kutsukira pamwamba pake.

Kuumitsa ndiko kumafuna chidwi chonse. Diredi lokhwima lili ngati bulangete lochindikala loyanika, limene limauma kunja pamene mkati mudakali chinyezi, ndipo chinyezicho chikagonamo kawirikawiri chimabala chuku ndi fungo lovuta kulichotsa. Tsukani m'mawa, kuti tsiku lonse likhale loumitsira. Mukatha kufinya ndi manja, kulungani mutu ndi kapulana yakale kapena malaya a thonje m'malo mwa thaulo, chifukwa thaulo limasiya timaulusi timene timakodwa m'tsitsi ndipo sitichokanso. Nsaluyo ikanyowa, ichotseni, masulani tsitsi lonse kuti mphepo idutsemo, ndipo musalimange, musavale chipewa kapena duku, ndiponso musagone lisanaume. Kuti mudziwe ngati lauma, pindani diredi lochindikala pafupi ndi mizu ndi kulikanikiza pa tsaya. Likamveka lozizira, ndiye kuti mkati mudakali madzi. M'mbali mwa Zambezi dzuwa limagwira ntchitoyi m'maola ochepa, koma ku Ulongué ndi ku Furancungo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kumacha ndi chisanu, ndi bwino kudikira tsiku la dzuwa kapena kupita ku saluni kumene kuli makina oumitsira tsitsi, n'kuwapempha kuti asawatenthetse kwambiri.

Tsitsi likadali lonyowerera, lekanitsani ndi zala madiredi amene ayamba kugwirana kumizu, chifukwa akauma ali chigwiranire amapweteka polekanitsa. Kupotanso mizu kuchitike kamodzi pa masabata 4 mpaka 6, ndipo apa ndikuchondererani kuti musalole wopota kukoka mpaka khungu kuwala kapena mutu kupweteka. Kukoka kotere, pamodzi ndi kumanga tsitsi mothina tsiku ndi tsiku, kumazula tsitsi la m'mphepete mwa chipumi, ndipo zikapitirira kwa nthawi yaitali tsitsilo silimeranso.

Pa nkhani ya mafuta, Vaseline ndi phula zipewedwe, chifukwa sizisungunuka ndi madzi ndipo zimagwira fumbi lonse la mumsewu. Mafuta a nsatsi ndi olemera, ndipo amayenera kugwiritsidwa ntchito pang'ono kwambiri. Opepuka, monga a njere za malambe kapena a kokonati, amakwanira madontho ochepa opakidwa pakhungu la m'mutu, ndipo masiku ena onse madzi owaza pang'ono m'mawa ndi amene amafewetsa tsitsi. Pogona mangani kansalu kosalala ka satini, ndipo poyenda pa njinga yamoto m'misewu yafumbi kapena pogwira ntchito kuchigayo, phimbani mutu, bola tsitsilo likhale louma.

Madiredi akalemera, kutuwa kapena kuyamba fungo ngakhale mwatsuka, aviikeni kwa mphindi 15 m'beseni la madzi ofunda osakaniza ndi supuni zingapo za soda wophikira, afinyeni bwino, kenako muwatsukuluze ndi madzi othira viniga pang'ono musanamalize ndi madzi okhaokha. Zimenezi zisapitirire kawiri kapena katatu pa chaka, popeza soda amaumitsa tsitsi. Mfundu yosamva shampu wamba imafuna shampu yamankhwala, monga yokhala ndi ketoconazole, imene imasiyidwa pakhungu kwa mphindi 5 isanatsukuluzidwe. Koma mukaona zilonda, mafinya, kapena malo ozungulira amene tsitsi likuthothoka ngati chipere, musaphimbe ndi mafuta. Pitani kuchipatala kuti akaone khungulo madiredi a pamalopo asanaduke.