Mukapimitsa presha ya m'maso, funsani makina amene agwiritsa ntchito

Amayi anga anapimitsa maso pa shopu ina ya magalasi m'tauni, ndi makina aja opemerera kamphepo m'diso. Anapeza presha ya 25. Patatha sabata, kuchipatala cha maso ku UTH (University Teaching Hospital, ku Lusaka) anawadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kenako kachipangizo kowala buluu kotchedwa Goldmann kanakhudza diso: 19. Kunyumba mitu inaima. Akunama ndani?

Palibe akunama. Makina a kamphepo amakonda kukweza nambala, makamaka munthu akatsinzina mwamphamvu kapena kugwira mpweya podikira "phu!" uja, ndipo amayi, amantha ngati ine ndemwe, anachita zonse ziwiri. Madokotala amadalira kwambiri Goldmann. Kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso kakakhala kochindikala, nambala imakweranso ngakhale diso lili bwino. Nthawi nayonso: kwa ambiri presha imakhala yokwera m'mawa.

Tsono mukapimitsa, lembani m'kabuku nambala ya diso lililonse, dzina la makina ndi nthawi yake. Masulani tayi, pumani bwinobwino. Kuyambira 10 mpaka 21 mmHg (muyeso wa presha) amati ndi pabwino, koma glaucoma, nthenda yowononga mtsempha wa diso, imagwiranso ena a nambala zabwinozo, choncho apempheni akuyang'anireninso mtsempha wa kumbuyo kwa diso.