Momwe mungadziwire ngati MBA ikuyenera ndalama zanu

Zotsatsa za mayunivesite zili ponseponse pa Facebook: phunzirani MBA muli kwanu, lipirani pang'onopang'ono, khalani bwana. Ogwira ntchito kubanki, kukhonsolo, m'mabungwe omwe si aboma ngakhale aphunzitsi kuno ku Chipata akulembetsa, ena chifukwa mnzawo wa mu ofesi walembetsa. Digiriyi, yomwe ndi masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi, ndi yabwino kwa munthu amene akudziwa mpando umene akuufuna. Musanalipire kalikonse, tsatani izi.

1. Pezani kaye mpandowo

Tengani mwezi umodzi mukusonkhanitsa zolengeza ntchito zimene mungakonde kugwira zaka zisanu zikubwerazi, za m'nyuzipepala ndi za pa intaneti. Werengani bwino pamene alemba maphunziro ofunika. Ena amati MBA ndi yofunika ndithu, ena amangoti amene ali nayo akhala ndi mwayi woposa anzake, ndipo ambiri saitchula n'komwe. Ngati pa zolengeza khumi zimene mwasunga palibe yoifuna, funso lanu layankhidwa kale.

Onaninso kumene ntchitozo zili. Malikulu a mabanki, a makampani a mafoni ndi a mabungwe akuluakulu ali ku Lusaka, enanso ku Copperbelt. Kuno kuli nthambi, ndipo nthambi imakhala ndi manijala mmodzi. Ngati muli ndi munda ku Chipangali, nyumba ku Kapata ndi makolo okalamba oti muwayang'anire, ndipo simukufuna kusamuka, kumbukirani kuti mipando yofuna MBA m'chigawo chino ndi yowerengeka.

2. Funsani abwana anu poyera

Funso lake ndi ili: ndikabweretsa digiriyi, chisintha n'chiyani pa malipiro anga? Pemphani kuti akuonetseni pamene zalembedwa m'malamulo a pantchito. M'boma nkhaniyi tikuidziwa bwino kudzera mwa aphunzitsi, amene ambiri anadzilipirira okha madigiri koma anakhala zaka akulandirabe malipiro a dipuloma podikira kuti malo apezeke. Funsaninso ngati kampani imathandiza kulipira fizi, ngati imapereka masiku a tchuthi cha mayeso, komanso ngati adzakusainitsani pangano loti musachoke kwa zaka zingapo mukamaliza.

3. Werengani ndalama zonse, kuphatikiza za panjira

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Fizi yolembedwa pa chotsatsa ndi gawo chabe. Maphunzirowa amatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo ngakhale ophunzira ali kutali nthawi zambiri amaitanidwa kukakumana ndi aphunzitsi kapena kukalemba mayeso. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East, tsiku lathunthu m'basi. Wopita ku Copperbelt University ku Kitwe kapena ku Mulungushi ku Kabwe awonjezere ulendo wina pamenepo. Lembani basi, malo ogona, chakudya, mabandulo a intaneti, laputopu, ndalama za kafukufuku wa kumapeto, ndi ya mwambo wolandira digiri. Amene anakhalapo mu 2024, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, aikeponso sola kapena batire.

Kenako muone zimene zidzabwerere m'thumba. Tingoyerekeza kuti zonse pamodzi zakwana K90,000, ndipo mukakwezedwa malipiro adzakwera ndi K3,000 pamwezi. Ngati muli kale pa mlingo wapamwamba wa msonkho wa PAYE, ZRA idzatengapo 37 peresenti, NAPSA ya penshoni 5 peresenti, NHIMA ya inshuwalansi ya zaumoyo 1 peresenti. Chotsala ndi K1,700 ndi pang'ono. Ndiye kuti padzapita zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti ndalama yanu ibwerere, kuwerenga kuyambira tsiku limene mwakwezedwa, lomwe lingachedwe. Kwa munthu wa zaka 32 zimenezi n'zomveka. Wa zaka 50 aganize kawiri. Ikani manambala anuanu m'malo mwa angawa.

Ngati ndalamayo ndi yangongole yodula pa malipiro, masamu onse asokonekera, chifukwa chiwongoladzanja cha mabanki muno chimapitirira 20 peresenti pachaka. Kaloba musamuganizire n'komwe. Chilimba cha pantchito chingathe kulipira temu imodzi, ndipo ena amadikira kugulitsa soya kapena mtedza. Kuyambira mu 2023 lamulo limalola kutapa 20 peresenti ya ndalama zanu za ku NAPSA kamodzi kokha, ngati mwasonkha miyezi 60 kapena mwakwanitsa zaka 45. Ine sindingalangize kuzigwiritsa ntchito apa pokhapokha mpando uja ukuoneka ndi maso, pakuti ndi ndalama za ukalamba wanu. Ndipo khalani pansi ndi amayi kapena abambo a kunyumba musanasaine, popeza fizi ya ana ndi feteleza zimachokera m'thumba lomwelo.

4. Fufuzani sukuluyo

Yunivesite iliyonse muno iyenera kukhala yodziwika ndi bungwe la Higher Education Authority, ndipo maphunziro akewo ayenera kukhala ovomerezeka paokha. Sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma MBA yake isanavomerezedwe, choncho funsani zonse ziwiri. Ya kunja yophunzitsa pa intaneti, funsani kaye ku ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro, ngati pepala lake adzalizindikira pa mlingo wa 9, womwe ndi wa masitazi. Olemba ntchito ambiri masiku ano amafuna mapepala otsimikizidwa ndi ZAQA.

UNZA, Copperbelt University, University of Lusaka, ZCAS ndi ESAMI ndi ena mwa maina amene olemba ntchito amawadziwa. Komabe pezani anthu awiri kapena atatu amene anamaliza kumene mukufuna kupitako, muwafunse kuti woyang'anira kafukufuku wawo ankayankha msanga bwanji. Anthu ambiri amakhoza maphunziro onse n'kukakamira pa kafukufuku, fizi ikuwerengedwabe.

5. Yerekezani ndi njira zina

Wowerengera ndalama amene sanamalize CA Zambia, ACCA kapena CIMA amalize zimenezo kaye, chifukwa ntchito yake imafuna umembala wa ZICA, bungwe la owerengera ndalama. Chimodzimodzi ogulira kampani katundu ndi bungwe lawo la ZIPS, ndi oyang'anira antchito ndi bungwe lawo la ZIHRM. Mapepala amenewa ndi amene amakulolani kugwira ntchitoyo, ndipo MBA singalowe m'malo mwawo.

Kwa mwini bizinesi nkhani ndi ina. Ngati mumagula mbewu m'midzi ya ku Katete ndi Lundazi kapena mumaolotsa katundu pa boda ya Mwami, palibe adzakufunseni digiri. Chimene mukusowa mwina ndi kusunga mabuku, kuwerengera phindu lenileni ndi kudziwa za msonkho, zomwe kosi ya miyezi yochepa imaphunzitsa. K90,000 ija itha kugula chigayo kapena makina oyengera mafuta a mpendadzuwa.

6. Mukatsimikiza, musasiye ntchito

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sankhani maphunziro a madzulo, a kumapeto kwa sabata kapena a kutali, kuti zimene mwaphunzira Loweruka muziziyesa Lolemba mu ofesi. Kusiya ntchito kumamveka pokhapokha mwapeza thandizo lolipira zonse. Chevening, sikolashipi ya boma la Britain, mwachitsanzo, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo pa MBA imalipira fizi mpaka pa malire ena, yotsalayo mumadzipezera nokha. Lipirani temu yoyamba yokha, sungani malisiti onse, ndipo pemphani kalata yosonyeza fizi ya maphunziro onse mpaka kumapeto kuti mudziwe ngati idzakwera muli pakati.