Mmene mungapezere kulira kwachisoni kwa magitala a Interpol

Chimbale choyamba cha gulu la Interpol la ku New York, Turn on the Bright Lights, chinatuluka mu 2002, ndipo anachijambulira ku Tarquin Studios ku Connecticut. Chimagwira mtima chifukwa chisoni chake chili m'zida zoimbira, osati m'mawu okha.

Yambani ndi magitala awiri, koma asamaimbe zofanana. Woyamba azimenya zingwe ziwiri kapena zitatu zokha, chotsitsa dzanja nthawi zonse, kasanu ndi katatu pa bar iliyonse (kagawo ka nyimbo ka magunda anayi), osafulumira kapena kuchedwa. Wachiwiri azidikira, n'kumaponya manotsi ochepa m'mipata. Onse akamamenya ma chord athunthu (manotsi angapo omveka pamodzi), phokoso limadzaza ponseponse, ndipo kampata kokhudza mtima kaja kamasowa.

Pa amp (chokuzira mawu a gitala), gain (mphamvu yolowera mawuwo) ikhale yotsika, cha pa 3 mwa 10. Onjezerani reverb (yomveketsa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu), kenako delay (yobwereza mawu mochedwerako) ya ma millisecond 300 mpaka 400 yobwereza katatu basi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amathira reverb pa bass ndi pa ng'oma yaikulu, nyimbo n'kusanduka phala. Bass isiyeni youma. Iziyenda ulendo wakewake, kukwera mpaka pakati pa khosi la gitala, m'malo mongolondola chord, ndipo kwa ife mtima wa chimbalechi uli pamenepo.

Woimba asakuwe, asachitenso kudziliritsa. Mvetserani Paul Banks, woimba wa Interpol: mawu ake ndi otsika, odekha, ngati munthu wofotokoza za maliro misozi itauma kale. Woimba wanu aime masentimita 15 kuchokera pa maikolofoni, ndipo pojambula mita yoyezera kukula kwa mawu isapitirire -6 dB, chifukwa mawu akang'aluka pa 0 dB amavuta kuwakonza.