Mukapita ku Mangochi, yambani mwatsika pa boma

Ife a ku Zomba tikati tikupita ku Mangochi timatanthauza kumchenga, ku Nkopola kapena ku Cape Maclear, ndipo pa boma timangodutsa tili pa windo. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lina minibasi itatitula pafupi ndi mlatho n'kukhala ndi maola atatu opanda chochita. Chiyambire pamenepo ndimapitira tauni yeniyeniyo.

Nyamukani m'mamawa, chifunga chisanachoke paphiri. Pa depoti ya Zomba mufunsitse ngati minibasi ikukafikadi ku Mangochi, chifukwa ine kondakitala wina analumbira kuti tikafika, koma pa Liwonde anatigulitsa kwa anzake. Msewu ndi wa M3, wodzera pa Domasi, Machinga, Liwonde ndi Ulongwe. Juzi isiyeni kunyumba. Mukangoyamba kuona milambe, thukuta layamba kale.

Mukatsika, uzani wakabaza akakusiyeni pa wotchi. Ndi nsanja ya njerwa yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imeneyo tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Dzinalo ndi la Harry Johnston yemwe uja ankalamulira dziko ali kwathu kuno ku Zomba. Linga lake m'mbali mwa Shire analikhazikitsa mu 1891 kuti atseke njira ya malonda a akapolo.

Musangojambula wotchiyo n'kuchoka. Pambali pake pali mfuti yochokera pa sitima ya Angerezi ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pagombe ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse inali itangoyamba kumene. Palinso chikwangwani chokumbukira anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946 kumpoto kwa nyanja. Pamenepa ine ndimaima nthawi yaitali. Anthu amadutsa ndi mabasiketi a usipa, ena atatsamira pomwepo kudikira njinga, osayang'anako n'komwe. Myuziyamu ya Lake Malawi ili chapafupi, m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu. Ndi yaing'ono, ola limodzi lakwana.

Kenako yendani wapansi pa mlatho wa Bakili Muluzi. Madzi mukuwaonawo angotuluka kumene m'nyanja ya Malawi, akulowera ku Malombe. Yang'anani mabwato, koma phazi musaviike: muli ng'ona ndi mvuu. Kutsidyako msewu umagawikana, wina wopita ku Malindi, wina wokwera phiri kupita ku Namwera ndi kumalire a Chiponde. Mawondo akalola, bwererani mudzakwere njinga yopita kwa Mponda, mudzi wa mfumu ya Chiyao yomwe inalipo linga la azungu lisanamangidwe. Kumeneko moni wa "Ali uli?" amakutsegulirani nkhope za anthu kuposa Chichewa chanu chonse. Asilamu ndi ambiri, choncho amayi tengani chitenje, ndipo Lachisanu masana musadabwe kupeza mashopu ena atatsekedwa, eni ake ali ku mzikiti. Munthu musamujambule musanapemphe.

Nkhomaliro mudye pamsika. Chambo chinakwera mtengo ngakhale kwawo komwe, ndiye mtengo woyamba musauvomere. Ine ndimakonda mutu wa kampango ndi nsima, ngakhale mayi a kunyumba amati ndimachita manyazi kuvomera kuti ndalama ya chambo ndilibe.

Mukafuna kugona, funsani ngati chipinda chili ndi neti musanalipire. Udzudzu wa kumeneko si wa ku Matawale. Mawa lake mungathe kupitirira pa M10 mpaka ku Monkey Bay, koma ngati mukubwerera tsiku lomwelo, khalani pa siteji dzuwa likadali m'mwamba. Madzulo minibasi imachedwa kudzaza, ndipo pa Liwonde mukafika kuli mdima.