Kumasula injini pokonzekera ovaholo: malangizo kwa amakaniko ndi eni galimoto

Galimoto zimene zimagwira ntchito ku Dedza ndi ku Ntcheu sizipuma. Minibasi ya Hiace imene imayenda pa M1 kudutsa pa Lizulu, kapena kalole konyamula matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano ndi ku Bembeke, zimakwera zitunda tsiku ndi tsiku, ndipo amene anakwerapo Khwekhwelere ndi katundu kuchokera ku Golomoti akudziwa mmene injini imatenthera. Nthawi imakwana yakuti injini yotereyi imasulidwe kuti ikonzedwenso m'kati monse, ntchito imene timaitcha ovaholo. Zimene ndaona m'magalaja athu n'zakuti ovaholo yambiri imene imalephera siilephera pa tsiku lomanga, koma pa tsiku lomasula, pamene zipangizo zimasakanizidwa ndiponso zizindikiro za vuto zimafufutidwa munthu asanaziwerenge.

Musanagwire sipanala, tsimikizani kuti vuto lilidi m'kati. Utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, utsi woyera umene sutha ngakhale injini itatentha umaloza ku madzi olowa m'silinda, pamene utsi wakuda kawirikawiri umachokera ku mainjekita kapena ku fyuluta ya mpweya yotsekeka, ndipo wakudawu pawokha si chifukwa chotsitsira injini. Kumbukiraninso kuti m'mawa wa June kuno ku Dedza galimoto yabwinobwino imatulutsa nthunzi chifukwa cha kuzizira. Yezani kompulesheni ya silinda iliyonse ndi kulemba manambala ake. Pa injini ya petulo, ngati silinda yofooka ikweza nambala mutathiramo oyilo pang'ono, vuto lili ku maring'i. Ikapanda kusintha, kayikirani mavalavu kapena gasiketi ya hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda), ndipo mwina buloko, thunthu la injini limene muli masilinda, simudzaigwira n'komwe.

Malo ogwirira ntchito akhale a simenti, kapena muyale lona, makamaka mu September ndi October pamene fumbi limalowa paliponse. Yambani ndi kuchotsa waya wa negetivu pa batire, kenaka khetsani oyilo ndi madzi a mu rediyeta injini itazizira. Oyilo musamutaye musanamuone padzuwa: tizitsulo tonyezimira ndi uthenga wochokera ku mabering'i, ndipo akamaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi. Madzi a mu rediyeta okhala ndi mankhwala ndi poizoni kwa ana, agalu ndi mbuzi, choncho asathiridwe pabwalo kapena mu ngalande yopita kudimba. Jambulani ndi foni mawaya ndi mapaipi onse asanachotsedwe. Ponyamula injini gwiritsani ntchito tcheni buloko (chida chonyamulira zolemera) yopachikidwa pa chitsulo cholimba. Nthambi ya mtengo wa mango imene ambiri amaidalira sinayezedwepo ndi munthu aliyense, ndipo injini ya dizilo ikagwa siisankha mwendo.

Musanachotse lamba kapena tcheni cha tayiming'i, zungulizani kiranki mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni, ndipo muone pamene zizindikiro za pa magiya zaloza. Injini za 3L ndi 5L za mu Hiace zili ndi lamba, pamene 1NZ ya mu Probox ndi Sienta ili ndi tcheni, koma lamulo ndi limodzi: lamba kapena tcheni zikachoka, musazungulize kiranki kapena kamushafuti mwachisawawa, chifukwa pisitoni ikhoza kugunda valavu n'kuipinda.

Pa hedi ndi pamene anthu ambiri amachita changu chowononga. Mabauti ake samasulidwa limodzi limodzi mpaka kutuluka. Yambirani a kumapeto n'kumalowera pakati modumphadumpha, aliyense mukumufewetsa pang'ono, ndipo mubwereze kawiri kapena katatu mpaka onse atalekerera. Hedi ya aluminiyamu yomasulidwa ili yotentha, kapena yomasulidwa mbali imodzi, imapindika, ndipo m'mabuku a mainjini ambiri kupindika kololedwa kumakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm basi, kumene diso silingaone. Ikakakamira, igogodeni ndi hamala ya mphira. Sikuludilaiva yolowetsedwa pakati pa hedi ndi buloko imasiya chilonda chimene gasiketi yatsopano siingatseke. Gasiketi yakaleyo isungeni, chifukwa pamene yapsa kapena kuboola pakukuuzani silinda imene inali ndi vuto. Pisitoni imodzi ikakhala yoyera ngati yotsukidwa anzake ali ndi mwaye, madzi ankalowa pamenepo.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna muigwire kwambiri. Chipangizo chilichonse chimene chakhala chikukhudzana ndi chinzake kwa zaka chinadyeka mogwirizana ndi malo akewo, ndipo chiyenera kubwerera komweko. Tengani katoni, mubowole mabowo, mulembe 1 mpaka 8 kapena 16 malinga ndi injini, ndi kulasamo mavalavu motsatana kuchokera kutsogolo. Ndinafikapo pa galaja ina pamene mnyamata wophunzira ntchito, pofuna kusangalatsa bwana wake, anathira makapu onse a makonirodi (zitsulo zolumikiza mapisitoni ku kiranki) m'beseni limodzi la palafini n'kuwatsuka mpaka kuwala. Ntchito inali yaukhondo ndithu, koma kapu iliyonse inaboledwa ku fakitale pamodzi ndi konirodi yake, ndipo ikasinthana ndi ina bowo silikhalanso lozungulira bwino. Injini yotereyi imalira bwino tsiku loyamba, kenaka imanoka. Choncho onani manambala a pa konirodi ndi kapu yake. Ngati palibe, lembani nokha musanamasule, ndipo pisitoni ikangotuluka bwezeretsani kapu ndi manati ake pomwepo. Makapu a mabering'i aakulu a kiranki nawonso ali ndi manambala ndi muvi woloza kutsogolo kwa injini.

Pisitoni imatulukira kumwamba, mukuikankha ndi mpini wa mtengo, osati chitsulo. Pitsani chikhadabo pakamwa pa silinda kaye: mukamva kamzere kotukuka, kachotseni ndi chida chake, apo ayi maring'i adzakola n'kuthyola mipanda ya pisitoni. Valikani timapaipi ta mphira pa mabauti a konirodi kuti asakande kiranki potuluka.

Mabering'i aoneni asanatsukidwe. Amene afika pa mkuwa atha, amene ali ndi mizere analowedwa mchenga, ndipo malo a kiranki amene asanduka abuluu anasowa oyilo, kutanthauza kuti pampu ya oyilo ndi sefa yake ya mu sampu ziyenera kufufuzidwa. Kuseri kwa bering'i kumalembedwa STD (saizi ya ku fakitale), 0.25 kapena 0.50, zimene zikukuuzani ngati kiranki inapalidwapo kale, nkhani imene wogulitsa galimoto mwina sanakuuzeni.

Kwa eni galimoto, musagule mapisitoni, maring'i kapena mabering'i pa tsiku lomasula, ngakhale makaniko atakukakamizani. Buloko, kiranki ndi hedi zipite kaye kwa anthu a makina oyezera ndi kupala, amene ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo iwowo ndi amene adzanene saizi yoyenera. Pakani oyilo pa kiranki ndi m'masilinda kuti dzimbiri lisagwire, kulungani mu pulasitiki, ndipo makapu a kiranki apite ali omangidwa pa buloko yawo.