Mmene mungathanirane ndi machenjezo abodza a vairasi pa kompyuta

Mukamafufuza zinthu pa intaneti, mwadzidzidzi pakhoza kutuluka uthenga wofiira wodzaza sikirini yonse, nthawi zina ndi phokoso la alamu, wonena kuti kompyuta yanu yagwidwa ndi vairasi ndipo muimbe mwamsanga nambala inayake. Musaimbe, pakuti amene angayankhe ndi wakuba basi. Machenjezo enieni a Microsoft kapena Apple sakhala ndi nambala ya foni, ndiponso tsamba la pa intaneti silingathe kupima kompyuta yanu.

Musadine batani lililonse la mu uthengawo, ngakhale looneka ngati lotsekera. Dinani batani la Esc la pa kiyibodi, osalisiya, kwa masekondi angapo kuti sikirini ibwerere mwakale. Ikakana, pa Windows dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, yomwe imaonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, kenako muimitse mmenemo pulogalamu imene mumalowera pa intaneti, monga Chrome kapena Edge. Poitsegulanso musavomere kubwezeretsa masamba akale, chifukwa uthenga uja ubwereranso.

Ngati munaimba kale n'kulola akubawo kulowa m'kompyuta kudzera pa AnyDesk kapena TeamViewer, mapulogalamu othandiza munthu kulamulira kompyuta ali kutali, dulani intaneti nthawi yomweyo, chotsani pulogalamuyo, sinthani mapasiwedi pogwiritsa ntchito chipangizo china, ndipo dziwitsani banki yanu tsiku lomwelo.