Momwe mungasankhire tenti yokagonamo kunyanja kapena kuphiri

Tenti yanga yoyamba ndinaigula poona kutchipa. Ndinakaimika pamchenga ku Senga Bay mwezi wa Julayi, ndipo pakati pausiku mwera unafika mwamphamvu. Ndodo imodzi inathetheka ngati bango, zikhomo n'kuzuka, nsalu n'kundigwera kumaso. Kunandichera ndili tsonga, nditachirikiza denga ndi manja. Sindifuna kuti zimenezi zikuonekereni, n'chifukwa chake ndalemba ndondomekoyi.

Choyamba, musanafunse mtengo, dziwani kumene mukupita ndi mwezi wake. Kunyanja mdani ndi mphepo, kutentha ndi udzudzu. Ku Nyika, komwe malo ngati Chelinda ali pamtunda wopitirira mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimatha kuyeretsa udzu m'mawa. Ku Zomba ndi ku Mulanje kuli chiperoni, mvula yowaza ija yomwe imatha kukhala masiku angapo osakata. Ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo, kulikonse kumene mungapite, yembekezerani mvula yeniyeni. Tenti yoyenera ndi imene ingapirire usiku woipitsitsa wa malowo.

Chachiwiri ndi kukula. Akalemba kuti ndi ya anthu awiri, akutanthauza awiri ogona mothithikana, opanda katundu. Onjezerani munthu mmodzi pachiwerengero chanu: ngati muli awiri, tengani ya atatu, kuti zikwama zigone mkati.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, onetsetsani kuti tentiyo ili ndi nsalu ziwiri. Yamkati imakhala yopepuka, yolowa mpweya. Yakunja, yomwe ogulitsa amaitcha flysheet, ndiyo imatchinga mvula. Pakati pa ziwirizi pamafunika mpata. Munthu akagona amatulutsa chinyontho popuma, ndipo usiku kukazizira chinyonthocho chimasanduka timadontho pansalu. Mu tenti ya nsalu imodzi timadonthoto timakugwerani pabulangete, mumadzuka mutanyowa mvula isanagwe n'komwe. Mu ya nsalu ziwiri timatsetsereka pansalu yakunja n'kugwera pansi. Samalaninso ndi matenti omwe nsalu yawo yakunja ndi kachipewa chabe pamsonga. Yabwino imatsika mpaka pafupi ndi dothi mbali zonse.

Pachikwama cha tenti kapena pakapepala kake mupezapo nambala ya mamilimita yosonyeza mphamvu ya nsalu poletsa madzi. Ya 1,500 imakwanira pamvula yowaza, koma ya nthawi ya dzinja ine sinditsika pa 3,000. Pansi pogonapo pazikhala pochindikala kuposa denga, ndipo m'mphepete mwake muzikwera m'mwamba pang'ono ngati beseni, kuti madzi oyenda pansi asalowe. Tembenuzani nsalu muone m'misoko: muzikhala momata tepi, chifukwa madzi amayambira kulowa m'timabowo ta singano.

Chachinayi, gwirani ndodo zake. Za fibreglass, zooneka ngati pulasitiki yolimba, n'zotchipa koma zimang'aluka zikapindika kwambiri, monga inachitira yanga ija. Za aluminiyamu n'zokwera mtengo, koma n'zopepuka ndipo zimapirira mphepo. Tenti yozungulira ngati chulu, ya ndodo zopingasana pamwamba, imaima yokha ndipo siivuta kusuntha. Yaitali ngati ngalande imapatsa malo ambiri, koma imadalira zikhomo kuti iime. Kunena za zikhomo, tiwaya topyapyala timene timabwera ndi tenti sitigwira mumchenga. Pezani zazitali, kapena mangirirani chingwe pamtengo waufupi n'kuukwirira chogona mumchenga. Umagwira zolimba.

Chachisanu ndi neti ndi zipi. Kunyanja, ku Liwonde kapena ku Majete, malungo si nkhani yoseweretsa. Khomo ndi mawindo onse akhale ndi neti yosabooka. Tsegulani ndi kutseka zipi kangapo mogwiritsa dzanja limodzi. Ikamakodwa mushopu, kutchire idzakukanirani ndithu, ndipo kampata kochepa n'kokwanira kuti linthumbu lilowe.

Pa kulemera, ngati mukupita pagalimoto musade nkhawa. Koma wokwera Mulanje kuyambira pa Likhubula amamva kilogalamu iliyonse pamsana, choncho ya anthu awiri isapitirire makilogalamu 3. Kumbukiraninso kuti pamwamba pa phirili pali tinyumba togonamo alendo, monga ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila, ndiye funsani kaye otsogolera alendo ngati tenti ikufunika n'komwe.

Ambiri tigula yapakaunjika, ndipo kumeneko kumapezeka zabwino kuposa zina zatsopano. Kungoti musalipire ikadali m'chikwama. Itambasuleni, werengani ndodo ndi zikhomo, kwezani nsalu padzuwa muone mabowo. Ikamanunkha nkhungu, kapena mkati mwake mukamamata m'manja kapenanso kusupuka ngati mfundu za njoka, mankhwala oletsa madzi anatha. Isiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani.

Mukafika nayo kunyumba, imikeni pabwalo masana, kenaka kamodzinso madzulo ndi tochi kuti manja azolowere. Wina alowe mkati, inu muthire ndowa ziwiri zamadzi padenga pang'onopang'ono, makamaka m'misoko. Podontha paikeni chizindikiro ndi choko, mudzamate ikauma. Ndipo musaipinde ikadali yonyowa. Iyanikeni pamthunzi mpaka iume gwa.